Zofuna za mipingo zimadzera makomo ati kuti zikhale lamulo mu Zambia?

Pa 11 Ogasiti 2016, munthu aliyense amene anapita kukavota ku Vubwi anapatsidwa mapepala asanu. Anayi anali osankhira pulezidenti, phungu, wapampando wa khonsolo ndi khansala. Lachisanu linalibe nkhope ya munthu. Panali diso, kutanthauza "inde", ndi khutu, kutanthauza "ayi". Imeneyo inali referendamu yofunsa ngati gawo la ufulu wa anthu m'malamulo oyendetsera dziko lisinthidwe, ndipo mkati mwa zosinthazo munali mfundo ziwiri zomwe Akhristu osunga mwambo anazilimbikira zaka zambiri: yoti moyo wa munthu umayamba tsiku limene mayi watenga pakati, ndi yoti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi. Ambiri mwa amene anavota anasankha diso. Koma zosinthazo zinagwa, chifukwa anthu amene anaponya voti anali 44 okha mwa 100 aliwonse oyenera kuvota, pomwe lamulo limafuna theka.

Wina angadabwe kuti mfundo zotere zikanike bwanji m'dziko lomwe limadzitcha la Chikhristu. Dzinalo linabwera ndi pulezidenti Frederick Chiluba, amene anayima ku State House pa 29 Disembala 1991 nalengeza kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu. Nyumba ya Malamulo sinafunsidwe, ndipo maepiskopi a Katolika ndi bungwe la Council of Churches in Zambia (CCZ) anadandaula kuti nawonso sanafunsidwe. Mu 1996 mawuwo analowa m'mawu oyamba a malamulo oyendetsera dziko, ndipo mu 2016 anasungidwa, pamodzi ndi lonjezo loti munthu aliyense ali ndi ufulu wopembedza monga afunira. Mawu oyamba amanena mtima wa dziko, koma wapolisi sangamange munthu ndi mawu oyamba. Msilamu wa ku Katete ndi wovina gule wa kwa Mfumu Pembamoyo lamulo limawateteza mofanana ndi mkulu wa mpingo. Kuti chofuna cha mpingo chimange nzika zonse, chiyenera kudutsa pa khomo lina la boma, ndipo makomowo sakhala ofewa mofanana.

Komanso "mpingo" si pakamwa pamodzi. Boma likafuna kumva za Akhristu limaitana mabungwe akuluakulu atatu: la maepiskopi a Katolika lotchedwa ZCCB, la CCZ momwe muli mipingo monga Reformed Church in Zambia, Anglican ndi United Church of Zambia, ndi la Evangelical Fellowship of Zambia, EFZ, momwe muli mipingo yambiri ya Pentekoste. Atatuwa anagwirana manja mu 2001 mu mgwirizano wa Oasis Forum pokana kuti Chiluba alamulire chigawo chachitatu. Pa nkhani za chikhalidwe, kawirikawiri EFZ ndiyo imatsogola, enawo n'kumabwera pambuyo mosamala kapena kukhala phee.

Khomo lotseguka msanga ndi cholembera cha pulezidenti ndi nduna zake. Edgar Lungu analamula mu 2015 kuti 18 Okutobala likhale tsiku la mapemphero, kusala kudya ndi kulapa, ndipo mu 2016 anakhazikitsa unduna woona za chipembedzo ndi chikhalidwe cha dziko, naupereka kwa Abusa Godfridah Sumaili. ZCCB ndi CCZ ananena poyera kuti unduna wotere ndi wosafunika. A EFZ anaulandira. Unduna umenewu unadziwika kwambiri ndi kutseka zipata: mu 2018 wovina wa ku South Africa Zodwa Wabantu sanaloledwe kuvina mu Zambia, ndipo mu 2019 wosangalatsa anthu wina, Somizi Mhlongo, analetsedwa kubwera ku chisangalalo cha Lusaka July. Panalibe phungu amene anavota pa ziletso zimenezi. Koma chobwera ndi cholembera chimapitanso ndi cholembera. Mu 2021 pulezidenti watsopano Hakainde Hichilema anathetsa undunawo, ntchito zake n'kupita ku ofesi ya wachiwiri kwa pulezidenti.

Khomo la Nyumba ya Malamulo ndi lolemera. Lamulo wamba limangofuna aphungu ochuluka mwa amene alipo, koma kusintha malamulo oyendetsera dziko kumafuna kuti biluyo isindikizidwe mu Gazette masiku 30 isanawerengedwe koyamba, kenako ivomerezedwe ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu onse. Apa m'pamene bilu yotere yotchedwa Bill 10 inapunthwira. Mwa zambiri zomwe inanyamula, inkafuna kuchotsa mawu oti Zambia ndi dziko la zipembedzo zosiyanasiyana n'kuikapo "la Chikhristu". Abusa ena anaigulitsa pa mfundo imeneyo, koma maepiskopi a Katolika anaikana poona kuti mbali zina zinkawonjezera mphamvu za pulezidenti. Pa 29 Okutobala 2020 inapeza mavoti 105 pomwe inkafuna 111.

Nthawi zambiri ntchito ya omenyera chikhalidwe si kupanga lamulo latsopano ayi, koma kulondera lakale kuti lisasunthe. Gawo 155 la malamulo a milandu, lomwe limaletsa kugonana kwa amuna okhaokha, linasiyidwa ndi atsamunda a ku Britain. Mu Novembala 2019 khoti lalikulu litapereka zaka 15 kwa amuna awiri a ku Kapiri Mposhi, kazembe wa America Daniel Foote anadzudzula chilangocho, boma linakwiya, ndipo posakhalitsa iye anachoka m'dziko. Amuna aja anakhululukidwa ndi pulezidenti mu Meyi 2020, gawo 155 likadali pomwepo. Mbali inayo zilinso chimodzimodzi: lamulo la 1972 lolola kuchotsa pakati pa zifukwa zina, madokotala atatu akavomereza, likadalipo ngakhale maulaliki olitsutsa sanatheretu.

Nkhani yomwe inafika mpaka m'kalasi ya mwana wa ku Vubwi ndi ya maphunziro a zakugonana ndi uchembere, omwe analowa m'sukulu mu 2014 kuyambira giredi 5 mpaka 12. Mu 2020 EFZ inapempha kuti achotsedwe, ponena kuti amatsegula ana m'maso msanga ndipo amadzetsa miyambo yachilendo. Phungu wa Chembe, Sebastian Kopulande, anaitengera nkhaniyo ku Nyumba ya Malamulo. Oteteza maphunzirowo anabwera ndi chiwerengero: kafukufuku wa boma wa 2018 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali ndi mwana kapena pakati, ndipo chigawo cha Kummawa chinali pamwamba pa chiwerengero chimenecho. Wachiwiri kwa pulezidenti wa nthawiyo, Mayi Inonge Wina, analengeza kuti pakhala komiti ya mbali zosiyanasiyana younikanso zophunzitsidwazo. Mapeto ake maphunzirowo sanachotsedwe. Anakonzedwanso n'kupatsidwa dzina lina, Life Skills and Health Education. Aliyense anapita kwawo akunena kuti wapambana, ndipo kunena zoona umu ndi mmene mikangano yambiri yotere imathera: m'komiti, osati pa guwa.

Kuno ku Kummawa mipingo imalankhula ndi boma ili ndi katundu m'manja. Chipatala cha St Francis ku Katete ndi cha Anglican ndi Katolika pamodzi, cha Nyanje ku Sinda ndi cha Reformed Church, ndipo sukulu ya Chassa ndi ya Katolika. Boma limalipira aphunzitsi ndi anamwino ambiri m'malo amenewa, koma mwini malo amasungabe mawu ake. Chitsanzo ndi ndondomeko ya 1997 yolola mtsikana kubwerera kusukulu atabereka: sukulu zambiri za mishoni zinasankha kumupezera malo kwina m'malo momulandiranso. Mtsikana wa kumudzi, kumene sekondale ina ili kutali, kusamutsidwa kotere kungathe kumuthetsera sukulu.

Ndiye pali makomo a pafupi, omwe salembedwa m'nyuzipepala za ku Lusaka. Vubwi inakhala boma payokha mu 2012, itachotsedwa ku Chadiza, ndipo ili ndi khonsolo yakeyake. Khonsolo ndiyo imapereka ziphaso zogulitsira mowa potsata lamulo la 2011, ndipo anthu oyandikana ndi malowo angathe kupereka chidandaulo chawo chiphaso chisanatuluke. Amayi a Chigwirizano otopa ndi bawa yoyang'anizana ndi sukulu safunika kudikira referendamu: amalemba kalata, amasaina, amadzera kwa khansala kapena ku komiti ya chitukuko ya m'wadi, ndipo amakhala nawo pa msonkhano wa khonsolo kuti amve yankho. Timapaketi ta mowa totchedwa tujilijili tinaletsedwa mu 2012 ndi siginecha ya nduna Nkandu Luo, koma kuti tisowedi pamsika zinadalira khonsolo ndi apolisi a pamalopo.

Mfumu nayo ili ndi mphamvu zomwe abusa alibe. Kalonga Gawa Undi, amene Achewa a mayiko atatu amakamulambira ku Mkaika mwezi wa Ogasiti, wakhala akuletsa maukwati a ana ndi kulamula kuti chinamwali chisasokoneze sukulu. Pa nkhani imeneyi mafumu, mipingo ndi mabungwe a amayi anakokera mbali imodzi, ndipo mu Disembala 2023 lamulo la ukwati linasinthidwa kuti ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa chikhalidwe, ukhale wopanda mphamvu.

Nzika wofuna kupyola pamenepo ali ndi Gawo 88 la malamulo oyendetsera dziko, lomwe limapatsa aliyense ufulu wopempha Nyumba ya Malamulo kuti ipange, isinthe kapena ichotse lamulo. Ufuluwo ndi wa m'busa wofuna kuletsa chinthu, ndiponso wa mphunzitsi kapena namwino wofuna kuchiteteza. Pempho limaperekedwa ku ofesi ya kalaliki wamkulu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo wa ku Vubwi angayambire ku ofesi ya phungu wa dera lake kuti amuthandize kalembedwe kake.