Mbozi zili m'munda: kodi mankhwala atsopano aziloledwa mwachangu?

Ambiri a ife tikukumbukira chaka cha 2017. Mbozi za ntchemberezandonda, zomwe kwawo ndi ku America, zinalowa m'chimanga n'kusiya masamba ali zibowo zokhazokha. Mu Disembala chaka chimenecho, Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 agweredwa ngozi. Alimi anayesa zonse: phulusa, dothi, msuzi wa usipa, ngakhale sopo waufa. Zikafika pamenepo funso limabwera lokha: ngati kunja kuli mankhwala atsopano, boma likuchedweranji kuwaloleza?

Funsoli ndi lomveka, chifukwa njala nayonso imadwalitsa. Koma ife amene timayendera mabanja pa nkhani za umoyo timaonanso mbali ina: bambo akupopera tomato kudimba ali chosavala nsapato, mayi akuchapa zovala zakezo pamodzi ndi za ana.

M'dziko muno lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000 linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, lomwe likulu lake lili ku Bvumbwe m'boma la Thyolo. Mankhwala sayenera kulowa m'dziko kapena kugulitsidwa bungweli lisanawalembetse. Atsopano amayamba ayesedwa m'minda ya kafukufuku, monga ya ku Chitedze ndi ku Bvumbwe komweko.

Poyesa pamakhala mafunso awiri. Loyamba: kodi mankhwalawa akuphadi mbozi, ndipo pa mulingo wanji? Limeneli limayankhika msanga, chifukwa mbozi yakufa imaoneka ndi maso. Lachiwiri: kodi achita chiyani m'thupi la wopopera, la wakudya ndiwozo, m'madzi a pachitsime, kwa njuchi ndi nsomba? Limeneli yankho lake limachedwa.

Mbiri ya mankhwala otchedwa DBCP ikutiphunzitsa zimenezi. Anayamba kugulitsidwa ku United States mu 1955 kuti aziphera tinyongolotsi towononga mizu, ndipo ankagwira bwino ntchito. Pofika 1961, kafukufuku anali ataonetsa kuti amawononga ziwalo zoberekera za makoswe aamuna, koma malonda anapitirira. Mu 1977 amuna ogwira ntchito pafakitale ina ku Lathrop, m'chigawo cha California, anazindikira pocheza kuti ambiri a iwo sakubereka. Atayezedwa, zinapezeka kuti mbewu yawo ya abambo yachepa kwambiri, ena yatheratu. Boma la dzikolo linaimitsa mankhwalawa pa mbewu pafupifupi zonse mu 1979, koma ogwira ntchito m'minda ya nthochi ku Costa Rica, Nicaragua ndi maiko ena anali atawagwira kale kwa zaka zambiri. Ufumbwe ukalowa m'nkhokwe timalimanso chaka chamawa. Munthu akalandidwa mphatso yobereka kawirikawiri saibwezanso.

Sitikunena kuti kuchedwa kulikonse n'kwabwino. Kalata yongogona pa tebulo la muofesi siteteza munthu aliyense, ndipo boma likhoza kufupikitsa zotere, n'kugwiritsanso ntchito zotsatira zodalirika za maiko oyandikana nafe. Chimene sichiyenera kudumphidwa ndi kufufuza zimene mankhwalawo amachita m'thupi. Pajatu akulu anati kuthamanga sikufika.

Nanga ife pakhomo tichitepo chiyani?

Wina akabwera m'mudzi ndi mankhwala oti "tikungoyesa" pamunda panu, mufunseni chilolezo cha boma ndipo muitane mlangizi wa zaulimi. Funsaninso ngati zokolola za pamenepo zingadyedwe.

Musagule mankhwala otsanulidwa m'timabotolo topanda dzina kapena m'timapepala ta pamsika. Munthu akamwa mwangozi, dokotala amasowa pogwira chifukwa sadziwa chimene chalowa m'thupi.

Werengani masiku oyenera kudikira kuchokera tsiku lopopera kufika tsiku lothyola. Repu wopopera dzulo sayenera kupita pamsika lero, ngakhale mtengo utakwera.

Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana asapopere kapena kusakaniza mankhwala. Botolo lotha libooledwe. Lisasanduke chotungira madzi kapena chosungira mafuta ophikira.

Yenderani munda kawiri pa sabata chimanga chidakali chaching'ono. Kuphwanya mazira ndi kutola timbozi ndi manja kumachepetsa mankhwala ofunika.

Mulungu anatipatsa munda kuti tiusamalire, anatipatsanso thupi. Populumutsa chimanga cha chaka chino, tisagulitse thanzi la ana amene adzadye nsimayo.