Kabokosi kogawa mawu pa zinkhoswe za kwa Mkhumba

Anthu akangomaliza kukolola, Loweruka silidutsa popanda chinkhoswe kapena ukwati kwa Mkhumba, m'boma la Phalombe. Masipika amasanjikizidwa pansi pa mtengo wa mango, jenereta ikulira kuseri kwa nyumba, besi nkumamveka mpaka m'munsi mwa phiri la Michesi. Koma perekaniperekani ali mkati, nthawi zina twita, kasipika ka mawu opyapyala, imapsa, nyimbo nkumamveka ngati ikuchokera m'mbiya.

Chimodzi mwa zoyambitsa vutoli ndi kusagawa bwino mawu. Ntchitoyi ndi ya crossover, kabokosi kamene kamakhala pakati pa mikisa ndi ampulifaya. Mawu abesi, apansi pa 100 Hz kapena chapomwepo, kamawatumiza ku masipika akuluakulu, apakati ku masipika ena, ndipo opyapyala okha ndi amene amafika ku twita. Besi ikalowa mu twita, twitayo sichedwa kupsa.

Timabokositi tilipo ta mitundu iwiri. Ka analogi, monga dbx 234 kapena Behringer CX3400, nkotchipirako ndipo kamayendera mabatani opotokola. Fumbi likalowa m'mabatanimo kamayamba kukhotchola, koma wokonza mawailesi wa pa Migowi atha kukatsegula nkukakonza. Kuipa kwake, aliyense wodutsa atha kupotokola batani nkusokoneza zonse.

Ka dijito, monga Behringer DCX2496 kapena dbx DriveRack PA2, kali ndi kakompyuta m'kati. Kamasunga makonzedwe osiyana a m'tchalitchi ndi a pabwalo, kamakhomeka kuti wina asagwireko, komanso kamaletsa mphamvu yopyola muyezo kufika ku sipika. Kamathanso kuchedwetsa mawu. Poti mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, sipika yoikidwa mamita 20 kutsogolo kwa zinzake imayenera kudikira mamilisekondi 58 kuti omvera asamve nyimbo kawiri. Koma kakafa, kupeza wokakonza kumudzi nkovuta, ulendo umakhala wa ku Limbe.

Mitundu yonse iwiri imagwiritsa ntchito kagawidwe kamene Siegfried Linkwitz ndi Russ Riley anatchukitsa mu 1976, choncho kabokosi kakatchunidwa bwino, khutu la wovina silingasiyanitse kwenikweni.

Wa masipika anayi oyenda nawo m'midzi, ka analogi kamukwanira. Wa misonkhano ikuluikulu ya pabwalo asunge ndalama agule ka dijito. Koma onsewa ayambe agula sitabilaiza, chifukwa magetsi okwera ndi kutsika a jenereta sasankha kabokosi kowotcha.