Sabbatini wa ku Mapanga: dzina lomveka, koma ndi Loweruka basi

Amene mumayenda pa mseu wa Limbe kupita ku Zomba mukupadziwa pa Mapanga, pamene asilikali a ndende amaphunzirira ntchito yao. Chinyumba chija chooneka ngati linga anamanga ndi Mtaliyana wina, Alberto Sabbatini, m'masiku a atsamunda. Dziko la Italy litalowa nkhondo mu 1940 kumbali ya Germany, Angelezi anasandutsa malowo msasa wosungirako anthu a m'maiko a adani ao.

Ine chandikoka kweni-kweni ndi dzinalo. Kulimva m'khutu ungati ndi la mfumu yaikulu, pamene gwero lake ndi liu la Chitaliyana loti sabato, ndiye kuti Loweruka. Liuli linachokera ku Chiheberi, komwenso kunachokera liu lathu lija loti sabata, limene linafika kuno ndi amishoni. Mwana akabadwa Loweruka ankamutcha Sabato, mwina momunyadira Sabatino. Ana ndi adzukulu ake nkumatchedwa Sabatini, chifukwa "i" wa kumapetoyo amasonyeza kuti anthuwo ndi ambiri, monga ife timanenera kuti awa ndi a kwa Uje. Mabanja ena amalemba "b" mmodzi, ena awiri.

Maina ambiri a Ataliyana ndi otero. Ferrari, dzina limene anyamata athu amalilambira chifukwa cha galimoto, limanena za wosula zitsulo. Bambo Piergiorgio Gamba a ku Montfort Media ku Balaka, dzina lao litanthauza mwendo. Nanga a Alessandro Pagani, amene anali episkopi wa Mangochi kuyambira 2007 mpaka 2013? Pagano ndiye kuti wachikunja. Episkopi wathunthu, dzina lake Akunja!

Tsono inu a malonda amene mumalemba maina a Chitaliyana pa khomo la okala poganiza kuti makasitomala adzachita nao mantha, dziwani kuti kwao ndi maina wamba, ngati Mavuto ndi Chimwemwe kwathu kuno.

Chimene anzathuwa anatiposa ndi cholembera. Mu 1563 msonkhano wa maepiskopi wa ku Trent unalamula kuti parishi iliyonse izisunga kaundula wa ubatizo ndi maukwati. Kuyambira apo dzina la banja linayamba kukhazikika. Ndiye chifukwa chake Mtaliyana angathe kulowa m'tchalitchi cha kumudzi kwao nkupeza makolo ake a zaka 300 kapena 400 zapitazo.

Nanga ife? Kwathu ku Madziabango, monganso ku Chileka ndi ku Lirangwe, mwana amatenga dzina loyamba la bambo wake nkukhala dzina la banja. Agogo dzina lina, bambo lina, mwana linanso, mibadwo itatu maina atatu. Ena maina ao anawakhotetsa akalaliki a ku maesiteti ndi a ku Wenela, amene ankangolemba mmene khutu lao lamvera. Chimene chinkatigwirizanitsa ndi mfunda: Phiri, Banda, Mbewe, Mwale. Koma funsani mwana wa Folomu 4 m'tauni muno kuti mfunda wa amai ake ndi wotani, mudzaona akukanda mutu.

Mu 2017 boma linalemba anthu m'kaundula wa ziphaso za unzika. Tingati Trent wathu anafika chaka chimenecho. Dzina limene munatchula tsiku lija ndi limene likuyenda nanu ku banki ndi pofuna pasipoti. Ngati likusiyana ndi la pa satifiketi ya MSCE, mukudziwa nokha mitunda imene munthu amayenda kuti akonzetse. Komanso chiphaso chimangosunga dzina. Sichinena kuti mwini wake woyamba anali yani, anachokera kuti, nanga analitchedwa chifukwa chiyani.

Ntchito imeneyo ndi yathu, a Malawi anzanga. Inu ana a sukulu, mukapita kumudzi pa holide tengani kope la masamba 40, mukhale pansi ndi agogo kapena a malume, eni mbumba. Lembani maina, mifunda ndi midzi imene makolo anadutsamo, kuchimuna ndi kuchikazi komwe. Mau a akulu-akulu akoma akagonera, koma agonera bwanji ngati eni ake tawaika m'manda tisanawafunse?