Kodi Amayi Amene Anatilera M'chikhulupiriro Tinawathokoza?

Amayi anzanga, inu amene munabadwira kapena kukwatiwa kuno kumwera kwa Mzimba, dzina la Embangweni mumalidziwa bwino. Mishoni imeneyi, imene akuluakulu amaitchabe Loudon, inakhazikitsidwa m'chaka cha 1902 m'dera la Inkosi Mzukuzuku, M'busa Donald Fraser atasamuka ku Hora. Anthu anamutcha Chisekeseke. Mkazi wake, Agnes Fraser, anali dokotala, ndipo ndiye anayamba kuchiza odwala pamalopo. Chipatala chimene ambiri a inu munachirirako chinakula kuchokera pa ntchito yakeyo.

Maina awiriwa ali m'mabuku, pamodzi ndi la M'busa Jonathan Chirwa, amene anadzozedwa mu 1914 ndipo anatumikira pa Loudon. Koma alipo ena amene satchulidwa kawirikawiri. Fraser anasankha amayi achikulire okhulupirika, otchedwa balalakazi, kuti aziyang'anira ndi kulangiza atsikana ndi amayi anzawo mumpingo. Masiku amenewo udindo wotere kwa munthu wamkazi unali wachilendo ndithu.

Mtima wa balalakazi uja mukuuonabe mwa amayi a Umanyano, ndi mwa amayi a mipingo inanso. Taganizani bwino. Kuno mkazi amasiya kwawo n'kupita kumudzi kwa mwamuna, kumene sadziwa ngakhale njira ya kuchitsime. Ndani anakutengani kupita nanu kutchalitchi Sabata loyamba lija? Pamene mwana anadwala usiku, ndani anamangira ufa m'nsalu, nakagona nanu pansi kuchipatala sabata yathunthu, kusiya munda wake uli ndi udzu? Tsiku la maliro, amene anafika mbandakucha atasenza nkhuni, nayambitsa nyimbo inu mawu atakutherani, sanali mbale wanu wamagazi ayi.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti amayi otere timawayamika kumanda, ndi mawu ambirimbiri, eni ake osamva kanthu.

Chaka chino mukakolola, patulani lichero la ufa, kamchere ndi sopo, kapena nkhuku ngati ilipo. Musatume mwana, pitani nokha. Khalani nawo pamphasa, muwakumbutse chimene anakuchitirani ndi chaka chake, pakuti iwo anaiwala kalekale. Kenaka ombani m'manja, munene kuti yewo, ndipo muwapemphe kuti apemphere nanu.

Ambiri mwa iwo maso anayamba kuchita mdima. Tsono mukafika pakhomo, poodira tchulani dzina lanu ndi la apongozi anu kuti akuzindikireni msanga.