Kalumikizidwe ka Nkhata za Thiransifoma ndi Tanthauzo la Dyn11

Pa thiransifoma yogawa magetsi pamakhala kachitsulo kofotokoza kapangidwe kake, ndipo kawirikawiri pamapezeka chizindikiro ichi: Dyn11. Mkonzi wosachidziwa amachiyesa cholakwa cha wotayipa, nachikonza kukhala DYN11. Wina amaganiza kuti 11 akuimira mavoliti 11,000 a mawaya a mumsewu. Onsewa aphonya, pakuti lembo lililonse, ngakhale kukula kwake komwe, likunena kanthu.

Magetsi ochokera ku Nkula ndi ku Tedzani amayenda m'mafezi atatu. Mphamvu ya fezi iliyonse imakwera ndi kutsika ka 50 pa sekondi, koma mafeziwo safika pachimake nthawi imodzi. Amalandizana monga misi itatu ya amayi osinja mu mtondo umodzi, uliwonse kutsalira unzake ndi madigiri 120 mwa madigiri 360 a mkombero wathunthu.

M'kati mwa thiransifoma muli waya wokulungidwa pachitsulo, umene muno ukutchedwa nkhata chifukwa cha maonekedwe ake. Nkhata zitatu zimakhala kumbali ya mavoliti ambiri, zitatu kumbali ya mavoliti ochepa. (Olemba asasokoneze mavoliti ndi mavoti, amene ndi a chisankho.) Njira zodziwika kwambiri zolumikizira nkhatazi ndi ziwiri. M'njira ya nyenyezi, nsonga imodzi ya nkhata iliyonse imakumana ndi zinzake pamfundo imodzi, ngati phazi la nkhuku, ndipo lembo lake ndi Y. M'njira ya delta, mchira wa nkhata ina umagwira mutu wa inzake mpaka kutseka ngodya zitatu, ndipo lembo lake ndi D. Lembo lalikulu limaimira mbali ya mavoliti ambiri, laling'ono mbali ya mavoliti ochepa. Tsono Dyn ikutanthauza delta kumtunda, nyenyezi kumunsi, ndipo n akusonyeza kuti pamfundo ya nyenyeziyo patuluka waya wachinayi, umene amisiri amautcha neutral.

Kusankha njira kumatsata ntchito. Mudzi umafuna nyenyezi chifukwa imapereka miyezo iwiri: mavoliti 400 pakati pa mafezi awiri, oyendetsa chigayo, ndi mavoliti 230 pakati pa fezi imodzi ndi waya wachinayi, ounikira nyumba. Delta ya kumtunda imangofuna mawaya atatu. Imatsekeranso m'kati mwake timafunde tosokoneza tokwera ndi kutsika ka 150 pa sekondi kuti tisalowe m'mawaya akuluakulu, komanso imathandiza pamene nyumba zachuluka pa fezi imodzi kuposa ena. Kumalo opangira magetsi zimatembenuka: delta imakhala kumbali ya jenereta, nyenyezi kumbali ya mawaya opita kutali, chifukwa nkhata ya m'nyenyezi imasenza magawo 58 okha mwa magawo 100 a mavoliti a pakati pa mawayawo, motero sifuna zotchinga zokhuthala kwambiri.

Kuphatikiza delta ndi nyenyezi kuli ndi chotsatira chosathawika: mbali ziwirizo zimasemphana nthawi yofikira pachimake. Nambala ija ikunena za kusemphanaku, ndipo malamulo a IEC 60076 amaiwerenga ngati ola pawotchi. Mbali ya mavoliti ambiri ndi muvi wautali woima pa 12, ya mavoliti ochepa ndi muvi waufupi, ndipo ola lililonse ndi madigiri 30. Pa 11, mbali ya kumunsi imatsogola ndi madigiri 30. Pa 1 imatsalira ndi madigiri 30. Pa 0, monga mu Yyn0, palibe kusemphana.

Nambalayi imaoneka yachabe thiransifoma ikakhala yokha. Vuto limadza pofuna kuimanga goli limodzi ndi inzake kuti zithandizane katundu, monga pa chipatala kapena pa fakitale. Dyn11 ndi Dyn1 zomwa pa waya umodzi zimasiyana ndi madigiri 60, ndipo pakati pa nsonga zimene zimayenera kufanana pamakhala mavoliti pafupifupi 230. Kuzilumikiza chomwecho ndi kuombanitsa misi: mphamvu yaikulu imazungulira pakati pa ziwirizo, zotetezera zimadula magetsi, ndipo zikachedwa nkhata zimapsa. Mmisiri wodziwa angathe kugwirizanitsa Dyn1 ndi Dyn11 posinthanitsa mawaya awiri kumtunda ndi awiri kumunsi. Koma Dyn11 ndi Yyn0 sizingagwirizane ngakhale mawaya a kunja atasinthidwa motani, ndipo wogula amene chikalata chake chinasindikizidwa ndi malembo olakwika amatsala ndi chipangizo chodula chimene sichingagwire ntchito pamodzi ndi chakale.