Bwalo la zisudzo la ku Chichiri lisatithere m'manja

Aliyense amene anakonda zisudzo m'Malawi muno zaka za m'ma 1980 ndi 1990 amadziwa kuti akati "ku French" akunena French Cultural Centre, malo a zamaluso amene ali ku Chichiri mumzinda wa Blantyre. Lero malowa amatchedwa Blantyre Cultural Centre, koma dzina lakale silinachoke pakamwa pa anthu.

Malowa anawatsegula ndi boma la France m'chaka cha 1973. Cholinga chachikulu chinali kuphunzitsa Chifalansa, n'chifukwa chake panali zipinda zophunziriramo ndi laibulale. Koma chimene chinawatchukitsa ndi mabwalo awiri a zisudzo: holo ya m'kati, ndi bwalo lapanja limene linali lofoleredwa ndi udzu.

Kamangidwe ka bwalo lapanjali n'kanzeru. Mipando yake imakwera ngati masitepe, kotero wokhala kumbuyo satchingidwa ndi mutu wa mnzake. Bwalo lokha si lalikulu ngati sitediyamu, motero wosewera akatsitsa mawu kapena kukwinya nkhope, oonera amamva ndi kuona. Kamangidwe kotere n'kakale kwambiri. Agiriki ankasema mabwalo awo m'mbali mwa mapiri pa chifukwa chomwechi. Ifenso kuno ku Lilongwe sitikukadabwa, pakuti bwalo la gule kumudzi limasonkhanitsa anthu pafupi ndi wovina.

Pabwaloli padadutsa akatakwe. Malemu Du Chisiza Jr ndi gulu lawo la Wakhumbata, limene analiyambitsa mu 1987, ankadzaza malowa. Malemu Gertrude Kamkwatira anapitiriza ndi gulu la Wanna Do mpaka imfa yawo mu 2006. Gulu la Kwathu, mmene munali malemu Eric Mabedi, linkachita zisudzo za Chichewa zimene zinkaseketsa uku zikudzudzula. Oimba ndi alakatuli nawonso ankaona kuti akaonekera pamenepa ndiye kuti afikapo.

Zinthu zinatembenuka mu 2011 pamene Afalansa anatseka malowa, boma la Malawi n'kuwagula. Posakhalitsa akuba analowa n'kusesa katundu, kuwononganso nyumba. Kuyambira pamenepo ntchito yokonza yakhala ikuyenda mwa apo ndi apo, ndipo amaluso akhala akudandaula chaka ndi chaka.

Wina afunsa kuti nanga mphunzitsi wa ku Malingunde zikumukhudza bwanji za ku Blantyre? Yankho lili m'mbiri ya a Chisiza omwewo. Iwo anadziwika akadali pasukulu ya sekondale ya HHI, pamene sewero lawo linapambana mpikisano wa ATEM mu 1982. Luso limayambira kusukulu, koma limakula mwana akaona kumene lingamufikitse. Ana athu a kuno ku Malingunde, Mitundu ndi Nathenje amachita zisudzo m'kalasi atakankhira madesiki kukhoma, chitenje chili m'malo mwa katani. Ambiri sanaonepo bwalo lomangidwira zisudzo. Tikawauza kuti wosewera asafulatire oonera, kapena kuti mawu azifika kumpando womaliza, amangoloweza ngati za mayeso.

Kwa aphunzitsi anzanga amene mungakonze ulendo, njira n'njosavuta. Kuchokera ku Lilongwe mukwera basi ya ku Blantyre mumsewu wa M1, kudzera ku Nathenje, Dedza, Ntcheu ndi Zalewa, mtunda woposa makilomita 300. Mukafika, kwerani minibasi yopita ku Limbe n'kutsikira ku Chichiri. Ubwino wake, m'dera lomwelo muli nyumba yosungira zinthu zakale ya Museum of Malawi komanso Kamuzu Stadium, ndiye ulendo umodzi uphunzitsa mbiri ndi zamaluso pamodzi. Musanyamuke musanafunse ku Dipatimenti ya Zamaluso ngati malowa ali otsegula ndiponso ngati pali chochitika, popeza masiku ena amakhala akukonzedwa. Zisudzo zambiri zimachitika masana kumathero a sabata.

Pempho langa kwa boma n'lakuti limalize kukonza malowa ndi kuika mtengo wotsika kwa magulu a sukulu. Kwa makhonsolo, bwalo la masitepe silifuna ndalama zochititsa mantha: njerwa, simenti ndi malo otsetsereka, zimene ku Malingunde sizisowa. M'mera mpoyamba, mwana amene sanaimepo pabwalo sitingamuyembekeze kudzadzaza bwalo.