Agulugufe nawonso ali ndi sikelo yawo

Mukapita ndi mwana ku sikelo, kulemera kwake kwa tsiku limodzi sikunena zambiri. Timaona mmene mzere ukuyendera mwezi ndi mwezi. Ku Britain amatsata agulugufe chimodzimodzi.

Kuyambira mu 1976, anthu ongodzipereka kumeneko amayenda kamodzi pa sabata m'njira yomweyomweyo, m'mapaki ndi m'malo otetezedwa, kuchokera mu Epulo mpaka Seputembala. Amasankha nthawi yofunda, yopanda mphepo yambiri, n'kumalemba gulugufe aliyense amene wadutsa pafupi nawo. Mu 2010, bungwe la Butterfly Conservation linayambitsanso Big Butterfly Count, pomwe aliyense, ngakhale ana, amawerenga kwa mphindi 15 zokha. Mu 2024, kuwerenga kumodzi kunkapeza agulugufe pafupifupi 7, pomwe mu 2023 anali 12.

Agulugufe sachedwa kuonetsa vuto. Mbozi za mitundu yambiri zimadya zomera zochepa chabe, choncho zomerazo zikatha, mankhwala ophera tizilombo akachuluka kapena nyengo ikasokonekera, chiwerengero chimatsika msanga. Mbalame zodyetsa ana awo mbozi zimavutika nazo.

Dziwani kuti chaka chimodzi choipa chingabwere ndi mvula yambiri basi. Zolemba za zaka zambiri ndizo zimasonyeza ngati malowo akuwonongekadi.